Sabata Imene Apongozi Anakwecha Ndege Yankhondo

Lolemba

Mvula kuyambira m'mawa, koma lero sindidandaula. Ndabwera ndi bokosi la a Harold!

A Harold ndi mkulu amene ndimamusambitsa ndi kumudyetsa ku Barking, kuno ku London. Iwowa ndi mmodzi mwa amuna anayi amene anayambitsa gulu lokonza ndege yakale yankhondo, ija ili mu shedi kunja kwa tauni. Nkhani yake ndaimva kambirimbiri ndikuwameta ndevu. Anayiwo ali ku bala, wina n'kunena kuti kwa mlimi wina kuli ndege imene nkhuku zikuikiramo mazira. Anakaitenga pa lole ya malasha. Anaipatsa dzina la Doreen, mkazi wa a Harold, kuti mayiyo asakwiye. Anakwiyabe, n'kupita kwawo. Atatu enawo anamwalira, ndegeyo mpaka pano sinauluke. Gulu lokha ndiye lakula: pali komiti, pali wapampando, palinso chingwe choti alendo asayandikire.

Loweruka kuli chionetsero cha mmene gululi linayambira. Ntchito yanga ndi kusunga bokosili (mwana wawo wamkazi akusesa m'nyumba, chilichonse akutaya), kulemba timapepala tofotokozera, n'kukayala zonse pa tebulo. Zikayenda bwino, a Harold akaimirira pamaso pa komiti n'kupempha kuti ine ndiloledwe kugwira injini. Mkati mwa chingwe! Sipanala m'manja! Zaka zonse zija mu galaja ku Limbe, kuno ndangokhala wosintha matewera a akuluakulu. Ndikamakankha chikuku chawo mu shedi muja, fungo la oyilo likandimenya, manja amandiyabwa.

Za m'bokosi:
- lata la m'mbali mwa ndege, loyamba kulizula m'matope. Penti wankhondo akadalipo, bowo la chipolopolo pakati, kumbuyo maina a anayiwo ndi penti wofiira
- kapu yachitsulo imene ankamwera tiyi molandizana. Sinatsukidwepo
- jekete lachikopa la woyendetsa ndegeyo, long'ambika paphewa, lonunkha tonde
- mapu a nsalu ya silika, amene oyendetsa ankabisa m'zovala kuti akagwera kwa adani asasochere
- kabotolo ka dothi la pamene ndegeyo inagwera
- zithunzi: amuna anayi, tsitsi lalitali, palibe woseka

A Clive, wapampando, pa foni: "Chonde zisakhudzidwe. Litsiro limenelo ndiye mbiri yake." Ndawauza kuti asadere nkhawa.

Kuchipinda mkazi wanga Esnati walikana bokosi chifukwa cha fungo, ndiye lili mu kholido. Apongozi alisuzumira n'kugwira mphuno. Anabwera kuchokera ku Dedza kudzalera Dalitso, khanda lathu, Esnati atabwerera ku ntchito ku chipatala. Kwathu mkamwini ndi apongozi akazi sayang'anana, salankhulana. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Kuno ku Thamesmead, pamwamba pa nsanjika, tchire kulibe, ine ndimapatukira ku bafa. Akafuna kundiuza kanthu amauza khandalo mokweza mawu.

Lero: "Dali, abambo ako atola zinyalala za azungu."

Lachiwiri

Ndikutsegula chitseko pochokera kuntchito, ndikumva kwe! kwe! kwe! kukhitchini.

Kapu ija ikung'anima pa choyanikira mbale ngati yogula lero. Tiyi wa zaka zonse zija wapita mu sinki. Apongozi ali pansi, miyendo tambalale, lata pa ntchafu, sitiliwulu m'manja, akung'ung'udza nyimbo ya kumpingo. Theka la lata layera kale.

Ndaima pakhomo. Apongozi ungawauze kuti siyani? Ndi pakamwa pati? Ndatsokomola. Atembenukira kukhoma mwaulemu, n'kupitiriza kukwecha. Ndatsokomolanso.

"Dali, abambo ako agwidwa chifuwa. Dziko lozizira ili."

Ndayesa njira yawo yomweyo. Ndanyamula mwana: "Dali, zinthu izi eni ake amazikonda zakuda." Yankho labwera kwa Dali yemweyo: "Munthu wokonda litsiro ndi wodwala, mwana wanga. Timamuthandiza." Dali wandilavulira mkaka paphewa.

Madzulo Esnati wafika atatopa, nsapato wavulira pakhomo. Ndamufotokozera. Waseka mpaka misozi. Kenako: "Inunso, ndagwira double shift, mutu ukundiwawa. Ndiwauza mawa kuti zitsulo zanuzo asakhudze, okay?"

Chotonthoza: kumbuyo kwa lata sanafikeko. Maina anayi aja akadalipo. Bola.

Lachitatu

Esnati wawauza. Apongozi amvera. Zitsulo sanakhudze.

Jekete!!

Aliviika m'madzi otentha ndi sopo waufa, alichapa m'bafa ndi manja (makina ochapira sawakhulupirira, akuti amangosewera ndi zovala), aliyanika pa hita yotenthetsera nyumba. Jekete limene linkakwana mwamuna wa chifuwa tsopano lingakwane mwana wa pulayimale. Lauma gwa, likuima lokha pampando ngati mlendo. Pong'ambika paja asokapo ndi ulusi wobiriwira. Kusoka amatha, pamenepo sindingawanamizire.

Kwa a Harold kunali bwino lero, mutu uli m'malo. Masiku ena umachoka. Ndikuwadyetsa phala, andifotokozera za phewa lomwelo: linang'ambika pamene woyendetsayo ankatuluka m'ndege ikuyaka, ndipo anapulumuka, anadzapereka jekete kwa gulu atakalamba. "Ted analira tsiku limenelo," akutero. Ted ndi mnzawo wapamtima, mmodzi wa anayiwo.

Andiwerengeranso mawu amene akufuna kukanena kwa komiti. Akhala akuyeserera pagalasi! "Munthu uyu manja ake ndi a injini, tikuwawononga pa nkhalamba ngati ine." Ndayang'ana kumbali. Kuyambira pamene ndinafika m'dziko lino palibe wina anandinenerapo zotere.

"Bokosi lili bwino?" Ndati lili kunyumba. Ndi zoona, lili kunyumba.

Timapepala: ndalemba kamodzi kokha. "Jekete la woyendetsa ndege. Anali munthu wamng'ono thupi." Ndakang'amba.

Zotsala zamoyo: mapu, dothi, zithunzi, kumbuyo kwa lata. Ndakumbukira kuti kuchipinda kwa mkamwini apongozi sangapondeko ngakhale nyumba itayaka. Zithunzi ndaika m'chikwama cha kuntchito, mapu mu dirowa ya Esnati pakati pa mipango, kabotolo pansi pa matiresi. Nzeru!

Lachinayi

Sizinali nzeru.

Masana foni yalira m'thumba. Uthenga wa Esnati: "Mukaweruka mubwere straight. Tikambirane."

Ndafika, ndapeza bwalo lakhala. Esnati pa sofa, maso ofiira. Apongozi pansi, nkhope kukhoma. Amai Phiri a khomo loyandikana, a ku Chipata, Baibulo pa ntchafu. Pa tebulo payalidwa nyuzipepala, pamwamba pake kabotolo. Palibe wokayandikira. Esnati wakapeza posintha zofunda, mbali imene amagona iyeyo. Namwino wa chipatala cha mu London, koma dothi la m'botolo pansi pa matiresi wathamanga nalo kwa amayi ake.

Amai Phiri: "Ba neighbour, tiuzeni chabe zoona. Ili dothi ni la kuti?"

Ndanena zoona: la pamene ndege inagwera.

"Panafa muntu?"

Ayi, anapulumuka.

"Manje ngati sanafe, dothi lake musungila chani? Na mwana mung'ono mu nyumba!"

Kunena zoona inenso sindidziwa kuti azungu dothi amasungiranji.

Mapemphero. Aatali. Dzina langa latchulidwa kangapo, osati mondiyamikira. Kenako amayi atatu ndi mwana kumsana atsika pa lifiti, ulendo wa kumtsinje. Ndawaona pa windo, ali mndandanda m'mvula, Amai Phiri patsogolo atagwira kabotolo ndi pepala la pulasitiki. Dothi la a Harold lili mu Thames. Kabotolo abwera nako atakatsuka ndi mankhwala a kuchimbudzi.

Pambuyo pake Esnati wandikhulupirira. "Nanga osandiuza bwanji?" Ndati ndinakuuzani Lachiwiri, munkaseka. Wati ndisayambe.

Kusanade ndatsika ndi supuni. Ndadzaza kabotolo ndi dothi la pa maluwa a pansi pa nsanjika yathuyi, pamene agalu a anthu amaimapo m'mawa uliwonse. Dothi ndi dothi. Ndabwereza mawu amenewa mu lifiti yonse, sanandikhazike mtima.

Lachisanu

M'mawa sindili pa ntchito. Tsiku lodetsa zinthu!
- kapu: ndaiviika mu tiyi wakuda bii
- lata: polishi wa nsapato, ndi oyilo amene ndapala ndi chala pansi pa galimoto ya munthu wina
- jekete: mafuta odzola, kenako kulipondera ndi bondo n'kumakoka manja

Sizikufanana ndi kale, koma ukaima patali n'kutsinzina diso limodzi zikubwerako. Ndazisiya pakhonde kuti ziume. Ndapita kwa a Harold ndili ndi kachiyembekezo.

Ndinafuna kuwauza. Ndinayambadi: "A Harold, za bokosi lija." Koma lero mutu wachoka. Akufunsa ngati Doreen wabwera kuchokera kumsika. Ndawaveka masokosi n'kusiya nkhaniyo.

Ndabwerera kunyumba. Kwe! kwe! kwe!

Ulendo uno mbali zonse ziwiri. Lata likuwala moti ndadziona nkhope. Maina apita. Ted, Len, Arthur, Harold, onse ali m'madzi ofiira m'beseni. Bowo la chipolopolo alitseka ndi pulasitiki wosungunula pamoto, mmene amamatira chidebe chodontha.

"Dali, litsiro la azungu ndinalisiya monga anandiuzira amayi ako. Koma ili apaka ndi abambo ako, ndawaona ndi maso angawa. Mwamuna wa mwana wanga akaonekere pagulu ndi zinthu zakuda, anthu aziti kunyumba kwake kulibe akazi? Ine ndili moyo, ayi."

Ndakwiya. Ndakwiya moti makutu atentha. Ndalowa m'bafa, ndakhala pamphepete pa thabu yosambiramo, ndatsegula madzi kuti ndisamveke ndikupuma. Potuluka ndawapeza pa windo, manja kumbuyo, akuyang'ana magalimoto. Kwawo nthawi ino akanakhala kumunda, mvula yoyamba ikuyandikira. Kuno alibe khasu, alibe womupatsa moni, ali ndi sitiliwulu basi. Mkwiyo wasowa pokhala.

Ndatenga penti wa zikhadabo wa Esnati, wofiira, kuti ndilembenso maina. Ndamubwezera. Maina a anthu akufa sindingawalembe ndi zimenezo.

Nambala ya a Clive ndaiyang'ana pa foni, ndaibweza m'thumba.

Mapu mu dirowa mulibe. Esnati: "Kampango kakale kaja? Ndawapatsa amayi, akakonda. Mawa mupite nawo, chibwerereni angoona kliniki ndi tchalitchi basi."

Loweruka

Basi, sitima, basi ina. Apongozi kutsogolo, ine kumbuyo ndi bokosi. Ulendo wonse ndikuyang'ana mapu aja, tsopano ndi duku lawo, lochapidwa, lositidwa. Gombe la France lili pamwamba pa khutu lamanzere. Duku la apongozi ungalivule bwanji?

Shedi yadzaza. Nkhalamba za zipewa, tiyi, mabisiketi. Doreen ali pakati, phiko limodzi lilipo, injini yotsegula. Ndaiona pafupi injiniyo, kuseri kwa chingwe. Yokongola!

Ndayala pa tebulo. A Clive afika akumwetulira, anyamula lata, alitembenuza, alitembenuzanso. Akanda pulasitiki uja ndi chikhadabo. Asuzumira m'kapu. Aimika jekete, laima. Kabotolo sanakatsegule, Mulungu ndi wabwino.

Kwathu munthu akakwiya amakalipa, n'kutha. Awa ayi. A Clive angoti, motsitsa mawu, "Ndaona." Komiti yonse yabwera mmodzimmodzi, aliyense kuyang'ana n'kunena kuti waona. Wina wavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali. Ndafotokoza za apongozi, kuti kwathu sitilankhula nawo. A Clive: "Koma mumakhala nyumba imodzi?" Inde. "Ndipo simungawauze?" Ayi. Aonanso.

Kenako mmodzi waona duku. Wayamba kuwazungulira apongozi pang'onopang'ono, akuwerenga mutu wawo, milomo ikugwedera. Apongozi amugwadira n'kuwomba m'manja, akuti ndi moni.

A Harold afika pa chikuku, mwana wawo akukankha. Avala tayi. Ameta okha, adzicheka pachibwano. Andibayibitsa, chala chachikulu m'mwamba.

Awafikitsa pa tebulo. Zithunzi azizindikira, aseka. Lata alitenga, alisisita. "Ili si lathu. Ili ndi latsopano." Alitembenuza. Chala chikufufuza pamene panali maina. "Ted ali kuti? Ted analemba apa. Analakwitsa chilembo, tinamuseka." Ayang'ana a Clive, ayang'ana ine. Ayamba kulira, mopanda mawu, misozi ikugwera pa tayi.

Apongozi Chingerezi samva, koma izi amva. Aika manja pamutu. Ayenda chogwada mpaka pa chikuku, amasula duku, alipinda bwinobwino n'kuliika pamiyendo pa a Harold. "Pepani, bambo. Pepani." Mutu wawo wa imvi uli pamtunda, pamaso pa amuna onsewo, m'chisanu chimenechi. Sindinauonepo. Ndayang'ana pansi.

A Harold sanaimirire. Mawu aja sananene. Mwana wawo wawatengera kugalimoto tiyi asanathe.

A Clive pakhomo, mwaulemu kwambiri: ndili womasuka kumabwera masiku a alendo, monga wina aliyense. Za injini, komiti yaona kuti pakali pano manja alipo okwanira. Jekete ndi kapu akuti ndingathe kupita nazo.

Pobwerera apongozi afunda chitenje kumutu. Sanauze Dali kanthu, Dali anatsala ndi amayi ake.

Lamulungu

Mvula.

Kutchalitchi ku Peckham sindinapite, ndili pa shifiti. Apongozi nawonso akuti sapita, mutu ukuwapweteka. M'mawa ndapeza tiyi pa tebulo atavundikira ndi mbale, ndi dzira lophika. Eni ake ali kuchipinda, chitseko chotseka. Ndaima mu kholido ndi mwana m'manja. "Dali, uwauze agogo kuti palibe mlandu." Mkatimo mwamveka kufwenthera.

Madzi akatayika saoleka. Esnati akuti mwina ndifunse ku magalaja a ku Barking ngati akufuna munthu wa Loweruka. Akufuna mapepala a kuno, ndinafunsa kale.

Kwa a Harold mwana wawo wandidikira pakhomo, makiyi a galimoto m'manja. Sanatchule za dzulo. Wangoti malo apezeka ku nyumba yosungira okalamba, mwezi ukatha apita, ofesi indiuza kumene ndizipita ine.

Mkati ali pampando, tayi ya dzulo ikadali pakhosi. Ndawapatsa moni. Andiyang'ana nthawi yaitali, mokoma mtima.

"Ndiwe mnyamata watsopano?"

Ndati inde.

"Sipanala umaidziwa?"

Ndimaidziwa, a Harold.

"Zabwino. Tikufuna anthu. Ndege tapeza kwa mlimi, yadzaza nkhuku, koma chaka chamawa iuluka. Uyambe mawa. Ndimuuza Ted."

Ndathokoza. Ndathokozadi, kawiri, chifukwa ntchito imeneyi palibe wina adzandipatse. Kenako ndatsegula madzi, ndayesa ndi chigongono ngati sakutentha kwambiri, ndawamasula tayi.

Kwezani mkono, a Harold.